Amake Sepho ndi Mawu a Pamsewu

Zaka zimene ndinkayendetsa matola pakati pa tauni ya Mae Chaem ndi midzi ya anthu a mtundu wa Akareni kumapiri a kumpoto kwa dziko la Athai, msewu unali wafumbi m'chilimwe, wamatope m'dzinja, ndipo galimoto yofika kumapeto kwake inali yanga yokha. Kanali kapikapu kachikasu, kadenga, kokhala ndi mabenchi awiri kumbuyo. Dzina langa ndi Insom, koma kumtundako ankangoti adalaivala, ngati padziko panalibenso wina. Chikareni ndinkachilankhula bwino, chifukwa ndinakula ndikuyenda ndi bambo anga m'midzi imeneyo, tikugulitsa mchere ndi nsomba zouma. N'chifukwa chake amake Sepho anasankha ine.

Dzina lawo lobadwa nalo linali Nomupho, koma kwawoko munthu akabereka, dzina lake limapuma, amayamba kudziwika ndi mwana. Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, kaliwo ali kukamwa nthawi zonse, woyaka kapena wozima. Ankavala siketi yofiira yoluka okha ndi bulauzi yakuda, monga amachitira akazi okwatiwa akumeneko. Tsiku la msika ankakwera kumbuyo ndi dengu la tsabola ndi mphukira za nsungwi. Pamsika sankalankhula. Ankaloza ndi chala, wogula akanenerera n'kumangopukusa mutu mpaka wogulayo atatopa.

Banja lawo linali ndi njovu yaikazi, dzina lake Mola. Inali chuma cha kuchikazi, yochokera kwa amayi awo. Mwamuna wawo, Thunu, anabwera pamudzipo ngati mkamwini, ndipo anthu ankamuseka kuti anakwatira njovu, mkazi anangomupeza ngati basera. Thunu sankakana. Ankaidziwa njovuyo kuposa mmene ankadziwira apongozi ake, ndipo kwa zaka zambiri iye ndi Mola ankakoka zipika m'nkhalango.

Kenako boma linaletsa kudula mitengo. Njovu zonse zinasowa ntchito, koma njovu yosagwira ntchito imadyabe. Thunu anayamba kunyamula alendo odzaona malo cha kufupi ndi mzinda wa Chiang Mai, ndipo kumeneko njovu zitachuluka, anakweza Mola pa lole n'kupita kumwera kwenikweni, ku chigawo cha Phang Nga. Chaka choyamba anabwera yekha kudzathandiza kuoka mpunga. Chachiwiri anatumiza moni. Kuchokera pamenepo kunali zii.

M'mawa wina mvula itangoyamba kumene, ndinaima pamudzi pawo monga mwa masiku onse. Amake Sepho sanapite kumbuyo. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, n'kukhala, dengu lili pamiyendo.

"Amake Sepho, kutsogolo kuno ndi kwa odwala," ndinatero.

"Ndikudwala."

"Chikukupwetekani n'chiyani?"

"Pakamwa. Sipatuluka Chithai."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anandiuza kuti mnyamata wina wa pamudzi woyandikana nawo wabwera kuchokera kumwera, ndipo akuti Thunu waonda, akutsokomola, wayamba kumwa mowa kuyambira m'mawa. Mola nayo ili ndi chilonda pamsana chifukwa cha mpando wonyamulira alendo. Mnyamatayo anabweretsa chithunzi: Thunu ali pakhosi pa njovu, kumbuyo kukuoneka chikwangwani cha malo amene ankagwirako ntchito.

"Ndikufuna ndikawatenge onse awiri," anatero. "Mundiphunzitse mawu. Osati chilankhulo chanu cha pamsika pano ayi. Ndikufuna chija cha pa wailesi, chimene amamva kulikonse."

"Bwanji osatuma munthu? Sepho sangapite?"

"Sepho ali ndi mwana wa m'manja, ndipo Chithai chake n'chimodzimodzi changa. Ndikatuma mwamuna, Thunu akamugulira mowa n'kumubweza ndi moni. Ine sangandibweze."

Sukulu inayamba tsiku lomwelo, ndipo inatenga dzinja lonse. Tsiku lililonse la msika mpando wa kutsogolo unali wawo, pokhapokha kutakwera mmonke wa kukachisi.

Ndinayamba ndi mawu amene munthu wa paulendo amawafuna koyamba: kutali ndi pafupi. Pa Chithai onse ndi klai. Ukalitchula mosakweza mawu, ndiye kuti kutali. Ukaliyambira pamwamba n'kuligwetsa, ndiye kuti pafupi. Amake Sepho anachotsa kaliwo kukamwa n'kundiyang'ana.

"Tabwerezani."

Ndinabwereza.

"Anthu a kuchidikha ndinu oumira. Mawu anakutherani, kuti kutali ndi pafupi zizigona pa mphasa imodzi?"

"Sindine ndinapanga, mayi."

"Ndiye amene anapangayo sanayendepo wapansi."

Khutu anali nalo lakuthwa, pakuti Chikareni nachonso chimakwera n'kutsika. Vuto linali lilime. Anthu a kumbuyo anazolowera kumvetsera kudzera pa kawindo ka pakati, ndipo sukuluyo inasanduka ya galimoto yonse. Tikadutsa pamudzi, wina ankafuula kufunsa ngati kumsika ndi klai kapena klai, amake Sepho n'kuyankha, anthu n'kugawikana, ena akuti akhoza, ena akuti alakwa. Panali nkhalamba ina yogulitsa uchi imene inkakonda kuwaputa.

"Amake Sepho, mukakafika ku Bangkok mukalankhule pang'onopang'ono, angakulembeni ntchito pa wailesi."

"Akandilemba ndikalengeza kuti uchi wanu mumathira madzi," iwo ankayankha osacheuka.

Kumanzere ndi kumanja sizinavute kuphunzitsa, chifukwa msewu wathu unali makona okhaokha. Ndinawauza kuti azinena kona tisanaifike: liao sai, khotera kumanzere, liao khwa, khotera kumanja, trong pai, pita chindunji, chot, ima. Ankanena mokweza ngati akulamula ng'ombe. Tsiku lina pa phiri lalitali lija, pamene kumanja kuli chiphompho, anafuula molimba mtima kuti liao khwa.

"Mayi, ndikanakumverani bwenzi tonse tili pansi apo."

Anasuzumira pawindo, n'kuona nsonga za mitengo zili pansi pathu.

"Ndiye mwaona ubwino wa mwamuna wosamvera," anatero.

Chimene chinawakwiyitsa kwambiri ndi nthawi. Kwawo nthawi inali tambala, dzuwa, ndi mimba. Mtunda ankauyeza ndi fodya: kumunda kwawo kunali kaliwo mmodzi, kumudzi kwa mchemwali wawo makaliwo atatu. Anandifunsa kuti ku Bangkok, likulu la dziko kumene anayenera kukasintha sitima, ndi makaliwo angati, ine n'kuwauza kuti fodya wa m'mudzi mwawo yense sangakwane. Kenako ndinawafotokozera mmene timawerengera. Kale masana ankamenya chitsulo cholira kuti mong, usiku n'kumaimba ng'oma yolira kuti thum, ndipo mpaka lero maola timawatchula ndi kulira kumeneko. Ukafuna kudziwa nthawi umafunsa kuti ki mong. Koma kukada kuwerenga kumayambiranso, moti song thum, ng'oma ziwiri, ndi eyiti koloko madzulo.

"Song ndi ziwiri?"

"Eya."

"Koma ndi eyiti?"

"Eya."

"Woimba ng'omayo anali ataledzera."

Komabe anaziloweza. Ankaziimba ngati nyimbo yopetera mpunga, akuwerenga pa mfundo za zala. Anaphunziranso wanni, lero, ndi phrungni, mawa, ndi rot fai, sitima, imene inawasangalatsa atamva kuti tanthauzo lake ndi galimoto ya moto. Mawu oti klap ban, kubwerera kwathu, anangowamva kamodzi basi.

Ndinayesa kuwaonjezera zina, monga kuyamikira chakudya kapena kufunsa munthu dzina. Anakana.

"Amenewo akandifikitsa kuti? Mutu wanga ndi dengu, adalaivala. Sindinyamula zosadya."

Anangolola zikomo yekha. Anati ameneyo ngwopepuka.

Mkazi wanga Buakiang ankamva nkhani zonsezi kwa amayi a pamsika ndisanafike n'komwe pakhomo.

"Alowe aphunzitsi aakulu," ankatero ndikamavula nsapato. "Mwana wanu weniweni simunamuphunzitsepo ngakhale kuwerenga zala. Lero mwatsegula sukulu ya akazi a eni."

"Mayi uja akufuna mwamuna wake, osati wanu."

"Wanga angamutenge ndani? Ngakhale waulere."

Koma mpunga utakololedwa, tsiku la ulendo litafika, anali Buakiang yemweyo amene anadzuka m'mamawa kuphika mpunga womata ndi kukazinga nyama ya nkhumba youmitsa, n'kukulunga m'masamba a nthochi. Anatulutsanso nsapato zake zofewa, n'kugwada kuwayesa amake Sepho. Akazi awiriwo analibe chilankhulo chimodzi. Buakiang anangowagwira mkono n'kuufinya, iwo n'kunena zikomo wawo uja, momveka bwino.

Tsiku limenelo sindinanyamule anthu. Ndinawaperekeza mpaka ku siteshoni ya sitima ku Chiang Mai. M'dengu munali mpunga watsopano wa kumunda kwawo, bwemba wothira mchere wa Mola, ulusi woyera, ndi chithunzi chija. Tikuyandikira pawindo la matikiti anandibaya ndi chigongono.

"Inu mutseke pakamwa."

Ndinaima kumbuyo kwawo ngati mwana. Anatchula Bangkok, n'kufunsa kuti ki mong. Kalaliki anayankha osadzutsa mutu. Amake Sepho anawerenga pa zala, n'kutembenuka.

"Akuti faivi koloko madzulo."

Zinali zoona. Sitima itabwera anakwera osacheuka, n'kukhala pawindo, dengu pamiyendo ngati m'galimoto mwanga. Ine ndinabwerera ndekha, ndipo makona onse a msewu wathu ndinawakhota popanda wondiuza. Ndinaona kutalika.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza okha pambuyo pake, kangapo konse, ndipo nkhaniyo sinkasintha.

Ku Bangkok sanatuluke m'siteshoni. Anati anthu anali ngati chiswe chulu chitagumuka. Anaonetsa chithunzi pawindo lina, anthu n'kuthandizana kuwerenga chikwangwani chija, n'kuwauza sitima yoti akwere ndi tauni yoti akatsike. Atafunsa nthawi, kalaliki anati song thum. Mtima unafuna kuthamangira thu koloko, koma anakumbukira woimba ng'oma woledzera uja. Anayala nsalu pansi pafupi ndi chipilala, n'kudya mpunga wa Buakiang, n'kudikira mpaka kunja kutada.

Kutacha anali kumwera. Anatsika sitima, anakwera basi, ndipo kondakitala anawatsitsa pa mphambano ina pakati pa minda ya mitengo ya mphira. Pamenepo panali bambo wogulitsa zinanazi. Anamuonetsa chithunzi n'kufunsa ngati kuli kutali. Bamboyo analoza msewu wa kumanzere n'kunena kuti klai. Koma anthu a kumwera amalankhula mothamanga, amadula mawu, ndipo kakwezedwe kawo n'kosiyana ndi ka pa wailesi. Amake Sepho anamva pafupi. Anasenza dengu n'kuyamba kuyenda.

Anayenda mpaka dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Mitengo ya mphira inali m'mizere yofanana, moti ankaona ngati akungoponda malo amodzi. Kutentha kwake kunali konyowa, kosiyana ndi kwa kumapiri. Nsapato za Buakiang zinayamba kuluma, anazivula n'kuziika m'dengu. Anati pamenepo ndi pamene anachita mantha koyamba, osati chifukwa cha njira, koma poganiza kuti mwina akafika n'kupeza Thunu ali ndi mkazi wina, kapena atamuika kale m'manda.

Kenako kunatulukira njinga yamoto, woyendetsa ali mayi wachisilamu wofunda mpango kumutu. Anawapitirira, n'kuima, n'kubwerera. Atayang'ana chithunzi anaseka, natambasula mkono wonse kuloza kuphiri, n'kulikoka liwu lija motalika kuti klaaai. Pamenepo panalibenso chokayikitsa. Mayiyo anamenya chishalo ndi dzanja. Amake Sepho anali asanakwerepo njinga yamoto. Anakwera chammbali, dzanja limodzi pa dengu, lina litagwira mayi wachilendoyo m'chiuno, maso ali otseka njira yonse.

Atafika, woyamba kuwazindikira sanali Thunu. Njovu zinali pa mzere, zikutsika kanjira, iliyonse itanyamula alendo awiri pampando. Imodzi inaima. Inagunda chapansipansi m'mimba, mawu aja amene umawamvera m'chifuwa, n'kuchoka pa mzere. Thunu ali pakhosi ankaikankha ndi mapazi kuseri kwa makutu, akuikalipira, koma Mola inangobwera, alendo aja akugwiritsa mpando. Inafika n'kuyamba kuwapapasa amake Sepho kumaso ndi chitamba, m'khosi, m'khwapa, mpaka inalowetsa chitamba m'dengu n'kupeza bwemba wake.

Thunu anawasuzumira ali pamwambapo. Anali ataonda moti malaya ankangolendewera.

"Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Palibe. Ndabwera kuti asamwalire wina."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, anaphika mpunga wa kwawo pa kasakasa kamene Thunu ankagonamo. Atadya anatulutsa ulusi woyera uja n'kumumanga pa mkono, akuitana mzimu wake monga amachitira kwawo: bwerera, usasochere m'nkhalango za eni, kwanu kuli mpunga watsopano. Kenako anamanganso Mola ku makutu, n'kuitsuka chilonda ndi madzi otentha a mchere. Thunu ankangoyang'ana ulusi pa mkono wake.

"Ndibwerera ndi chiyani m'manja?" anatero. "Anthu adzati chiyani? Zaka zonsezi."

"Unabwera kwathu ndi chiyani m'manja? Chikwanje ndi kathumba. Amayi anga anakubweza?"

"Bwana sangalole. Tinapangana kuti nditha nyengo ya alendo."

"Bwanayo ndikamuona ine."

M'mawa anapita kukaima pa khomo la mwini malowo. Atatuluka, anagwira manja pamodzi mwaulemu n'kunena mawu awo: phrungni klap ban. Mawa tikubwerera kwathu. Analoza Thunu, analoza Mola, anadziloza okha. Bwanayo anayamba kufotokoza. Analankhula nthawi yaitali, akuloza alendo, akuloza njovu, akuwerenga pa zala. Atamaliza, amake Sepho anati zikomo, n'kubwereza kuti phrungni klap ban.

"Mwaona, adalaivala," anadzandiuza pambuyo pake, "mukanandiphunzitsa zambiri bwenzi nditamva zifukwa zake, mwina n'kumumvera chisoni. Koma zonse zinkangodutsa ngati madzi pa tsamba la nthochi."

Tsiku lililonse m'mawa ankakaima pakhomopo ndi mawu omwewo. Masana ankasamalira chilonda cha Mola n'kumaphikira Thunu, ndipo botolo lililonse limene ankalipeza pa kasakasa ankalikhuthulira pansi Thunu akuona. Antchito ena anayamba kuwapatsa moni ndi mawu awo omwewo, akuseka. Mwezi unatsala pang'ono kutha. Bwanayo sanali munthu woipa mtima kwenikweni, ndipo njovu ya chilonda alendo anali atayamba kuidandaula. Tsiku lina kunabwera lole kuchokera kumpoto kudzatula njovu ina, ndipo inkabwerera yopanda katundu. Bwana anatuluka, anawayang'ana mayiwo, napuma mozama, n'kunena yekha kuti phrungni.

Ine za zonsezi sindinkadziwa kanthu. Inali nyengo yozizira, nkhungu ili mbuu m'zigwa. M'mawa wina ndikutsika ndi anthu, pa kona yopapatiza pafupi ndi mlatho wamatabwa, ndinakumana ndi lole yaikulu, pamwamba pake pakuoneka mutu wa njovu. Pawindo panatuluka mutu wina, wa kaliwo.

"Chot!"

Dalaivala wa loleyo anali mnyamata wa kuchidikha amene anali asanaonepo msewu woterowo. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira. Ananditsikira n'kundipatsa moni.

"Achimwene, amayi awa ndi abale anu? Kuchokera pamene tasiya tala akungondiuza kumanzere, kumanja, chindunji. Ndikafunsa ngati tayandikira akuti pafupi. Kuyambira m'bandakucha, pafupi."

"Ndinaphunzira kumwera," amake Sepho anandiuza m'Chikareni. "Ukamuuza munthu kuti kutali, amabwerera."

Lole sikanatha kuwoloka mlathowo. Anatsitsira Mola pa chitunda cha m'mbali mwa msewu, ndipo inangoti kuponda pansi n'kuyamba kuthyola nsungwi. Anthu onse a m'galimoto mwanga anatsika, msika anauiwala. Nkhalamba ya uchi ija inamuzungulira Thunu ikumuyang'ana.

"Ndiye wabwera wekha kapena akunyamula?"

"Andinyamula," Thunu anavomera.

Ndinafuna kumukweza m'galimoto chifukwa cha chifuwa chake, koma anakana. Anati pamudzi akalowa ali pakhosi pa njovu monga anachokera. Amake Sepho anayenda patsogolo wapansi, dengu kumsana, ndipo ine ndinatembenuza galimoto n'kumawatsatira pang'onopang'ono ndi anthu anga.

Thunu anakhala ndi moyo madzinja atatu. Chifuwa chija sichinathe, ngakhale ndinamutengera kuchipatala kangapo. Koma mowa anasiya, analima mpunga, ndipo anaphunzitsa mwamuna wa Sepho kayendetsedwe ka njovu. Anamwalirira m'nyumba mwake, ana ndi adzukulu ali pomwepo. Mola inachira. Inkagwira ntchito yopepuka kufupi, ndipo nyengo yooka mpunga inkabwera kudzapuma m'nkhalango ya kwawo.

Amake Sepho sanabwererenso kumbuyo kwa galimoto. Anasanduka munthu wa maulendo wa mudzi wonse. Mayi akafuna kukaona mwana wake wogwira ntchito ku Bangkok, ankapita nawo. Mtsikana wa pakati akauzidwa kuti akachirire ku chipatala chachikulu ku Chiang Mai, womuperekeza anali iwo. Ankadziwa basi yonyamuka m'mawa ndi yonyamuka masana, pokwerera ndi potsikira. Chithai chawo sichinakule kupitirira pamenepo. Dokotala akayamba kufotokoza za matenda, ankaitana wina womasulira. Iwo ntchito yawo inali kufikitsa munthu ndi kumubweza.

Anayambanso kuphunzitsa anzawo m'galimoto mwanga momwemo. Ndinkamva mawu anga akubwerera kwa ine kudzera pa kawindo kaja, atavala kalankhulidwe ka kumapiri. Nthawi zina ankandidzudzula ine amene.

"Adalaivala, pamenepo mwatchula ngati munthu wa pamsika. Ku Bangkok satero."

"Mayi, munaphunzira kwa ndani?"

"Kwa munthu wina amene sanafikeko. Ine ndinafikako."

Zinali zoona. Ine mwini Chithai ndinakalamba ndisanapondeko ku Bangkok.

Kenako anathira tala. Mlatho wamatabwa unasanduka wa simenti, achinyamata anagula njinga zamoto, mabanja ena mapikapu awoawo. Ana onse anapita kusukulu, moti lero kamwana ka Chikareni kamalankhula Chithai choposa changa. Anthu okwera anachepa. Ena amene ankakwera ankangoyang'ana pa foni, osafunsa dalaivala kalikonse. Maso atayamba kuvuta, ndinagulitsa kapikapu kaja kwa munthu wonyamula kabichi. Msewu wa lero ndi wabwino, sindingauname. Koma palibe amene amafika kumsika atapeza mnzake watsopano, chifukwa ulendo wake umatha nkhani isanayambe.

Chaka chatha mkamwini wanga anatitenga ine ndi Buakiang kukawaona. Tinawapeza pakhonde, atafupika kuposa kale, maso atachita ng'ala. Anandizindikira ndi kutsokomola kwanga ndisanapereke moni. Sepho anatiphikira phala la mpunga la ndiwo zamasamba ndi tsabola, tinadya pansi, ndipo akazi awiri aja anakhala moyandikana atagwirana manja, aliyense akulankhula chilankhulo chake.

Titadya, amake Sepho anandifunsa mwadzidzidzi.

"Adalaivala, nyanja yamchere munaionapo?"

"Pa kanema pokha."

"Mdzukulu wanga akuti kumene ndinakatenga Thunu kuja, nyanja inali kuseri kwa phiri lomwelo. Akuti alendo onse aja ankabwera chifukwa cha nyanjayo, njovu zinali zongodutsirapo. Ine ndinakhala kumeneko mwezi wathunthu osadziwa."

"Thunu sanakuuzeni?"

"Ndinamufunsa? Maso anga anali pa chilonda ndi pa mabotolo."

Mdzukuluyo, mtsikana wamkulu wophunzira za unamwino, anatulutsa foni n'kupeza kanema wa nyanjayo. Anauika pafupi ndi nkhope ya agogo ake, koma iwo anati akungoona kuwala. Ndiye anauika pa khutu. Amake Sepho anamvetsera nthawi yaitali, mutu utapendeka.

"Ikumveka ngati mvula ikamabwera kuchokera kutsidya," anatero. "Sisiya?"

"Sisiya, agogo. Usana ndi usiku."

"Ndiye anthu akumeneko amagona bwanji?"

Anandipatsa foniyo kuti nanenso ndimve, kenako Buakiang. Tinaipatsirana choncho kangapo, nkhalamba zitatu pakhonde, mpaka mkamwini wanga anabwera kudzanena kuti mitambo yayamba kuda, tinyamuke.